Madzi Akachepa, Mlandu Umagwera Yani?

M'mwezi wa Okutobala 2024 tinalandira mlendo amene sanadzere mbewu kapena mankhwala ophera tizilombo. Anali mayi wina wamasiye amene anaphunzira pano zaka zingapo zapitazo, ndipo tinkawakumbukira chifukwa cha mabedi awo a nazale, amene ankawongoka ngati oyezedwa ndi chingwe. Titalonjerana anakhala chete kanthawi, kenaka anati: "Aphunzitsi, munatiphunzitsa kupanga manyowa, munatiphunzitsa kuokera ndi kuphimbira, koma simunatiuze chochita munthu akakutsekera mtsinje." Tinalibe yankho lokonzeka. M'mabuku amene tinaphunzira kusukulu ya zaulimi, madzi ankatchulidwa monga chakudya cha mbewu basi. Panalibe tsamba lonena za anthu olimbirana madziwo.

Nkhani yawo inali yotere. Kamtsinje ka kwawo, kamene zaka zonse kankayendabe mpaka mvula yoyamba itagwa, chaka chimenecho kanayamba kuwonda mu Ogasiti. Chimanga chinali chitapsa m'minda, choncho aliyense anathamangira kudimba, ngakhale amene sanagwirepo kheni chibadwire. Amuna atatu a kumtunda anagula mapampu a petulo, natseka madzi ndi matumba a mchenga kuti pakhale dziwe loponyamo paipi. Kumunsi kwawo kunali mabanja othirira ndi makheni, ambiri mwa iwo amayi, ndipo kumunsi kwenikweni kunali pomwera ng'ombe za midzi iwiri. Pomwerapo pataphwa, anyamata oweta anayamba kukweza ng'ombe m'mbali mwa mtsinje kufunafuna zithaphwi, ndipo ng'ombe yaludzu sidziwa mpanda. Repu anadyedwa, matimati anapondedwa. M'mawa wina ng'ombe ina inapezeka itatemedwa mwendo ndi chikwanje.

Pabwalo la anyakwawa mlandu unali wa mbali ziwiri zokha, eni madimba ndi eni ng'ombe. Awa analipa ndiwo, awo analipa mbuzi, ndipo anthu amene anakulira limodzi analeka kupatsana moni. Eni mapampu anakhala pakati pa omvera, akupukusa mitu ndi kudandaula za khalidwe la ana a masiku ano. Palibe amene anawaitana kuti ayankhepo kanthu.

Tiyeni tiwerenge malita

Tisanaweruze, titenge pensulo. Madzi okwana milimita imodzi pa malo a mita imodzi m'litali ndi imodzi m'lifupi ndi lita imodzi. M'mwezi wa Okutobala, dzuwa likafika pachimake ndipo mphepo youma ikuomba, dimba la masamba lofunga bwino limataya mamilimita pafupifupi 6 pa tsiku, ena kudzera m'masamba, ena kuchokera m'dothi. Lima imodzi ndi mamita 50 uku ndi uku, ndiye kuti lima imodzi ya ndiwo imafuna malita 15,000 tsiku lililonse, omwe ndi madilamu 75 a malita 200. Ng'ombe yathu yachikuda imamwa malita pafupifupi 40 pa tsiku lotentha. Gawani nokha: lima imodzi ya matimati imamwa madzi okwanira ng'ombe zoposa 350. Ndipo apa tikunena za mlimi wosamala; amene amangotsegula paipi kuti madzi asefukire m'mizere amataya ochuluka kuposa pamenepa.

Nanga pampu? Pampu ya petulo ya mainchesi awiri, imene yadzaza m'masitolo masiku ano, imalembedwa kuti ikhoza kukoka malita pafupifupi 30,000 pa ola. Kamtsinje kodzaza ndowa ya malita 20 m'masekondi 10 kamatulutsa malita 7,200 okha pa ola. Pampu imodzi yotere ikhoza kumeza timitsinje tinayi ta msinkhu umenewo.

Ng'ombe imaoneka. Imavundula madzi, imasiya ndowe ndi mapazi m'matope, imathyola mpanda anthu akuona. Paipi imagona mwakachetechete m'bango, mwini wake ali ndi chigamba chobiriwira chimene aliyense wodutsa amachiyamikira. N'chifukwa chake pa mikangano yambiri ya madzi mlandu umagwera amene waoneka pamadzi, pamene womwa ochuluka wabwerera kwawo osafunsidwa.

Kodi ndi kusintha kwa nyengo?

Chilala cha 2024 sichifuna umboni kwa inu. Mvula inaleka kumapeto kwa Januwale, ng'amba inatha masabata oposa asanu, chimanga chili pa msinkhu womasula. Pa 29 Febuluwale, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pa ngozi, nanena kuti mahekitala pafupifupi 1 miliyoni mwa mahekitala 2.2 miliyoni a chimanga awonongeka, ndi kuti maboma 84 mwa 116 akhudzidwa. Dziko lonse linakolola matani pafupifupi 1.5 miliyoni, osafika ngakhale theka la zokolola za chaka cham'mbuyo.

Anthu ambiri ananena mofulumira kuti kumeneku ndiko kusintha kwa nyengo. Chilungamo chake n'chakuti nkhaniyi ili ndi mbali ziwiri. Gulu la asayansi lotchedwa World Weather Attribution, litafufuza chilala chimenecho, linapeza kuti chimene chinatsekereza mvula makamaka chinali El Niño, kutentha kwa madzi a m'nyanja ya Pacific kumene kumabwera pakapita zaka zingapo, ndipo kunalipo kale makolo athu asanabadwe. Akuluakulu a pakati panu akukumbukira 1992 ndi ufa wachikasu. Komabe dziko limene chilala chimagwerapo lero silofanana ndi la kale. Kuyambira 1960, kutentha kwapakati m'Zambia kwakwera ndi digiri yoposa imodzi. Zimamveka zochepa, koma mpweya wotentha ndi waludzu: umamwa m'dothi, m'masamba, m'damu ndi m'chithaphwi. Mvula yofanana ndi ya kale imasiya madzi ochepa kuposa kale pofika Sepitembala. Onjezerani mvula yogwa mwamphamvu m'masiku ochepa, yothamanga pamtunda wopanda mitengo osalowa pansi, ndipo mudzamvetsa chifukwa chake dambo limene agogo anu ankaopa kuponda likung'ambika ming'alu.

Maganizo athu ndi awa. Kusintha kwa nyengo sikunatemepo ng'ombe ya munthu, ndipo sikunadzazepo thumba la mchenga. Chimene kumachita n'kuchepetsa madzi ndi kutalikitsa chilimwe, kufikira poyera paoneka zimene madzi ochuluka ankabisa: kuti wina ali kumtunda ndipo wina kumunsi, kuti wina ali ndi injini ndipo wina ali ndi msana wake wokha, kuti wina amamvedwa pabwalo ndipo wina sapatsidwa mpata. Mtsinje ukadzaza, kusagwirizana kumeneku sikupweteka munthu. Tikaloza kumwamba kokha, eni matumba a mchenga amasangalala, pakuti mtambo sungaitanidwe pabwalo.

Phunziro la ku Usangu

Amene munakwerapo sitima ya TAZARA kapena kuyenda mumsewu wopita ku Dar es Salaam mukudziwa kuti mukapitirira Mbeya mumadutsa m'mphepete mwa chigwa chachikulu cha mpunga. Chigwacho ndi Usangu, m'boma la Mbarali ku Tanzania. Mitsinje yochokera m'mapiri imatsikira m'chigwamo, n'kusonkhana m'dambo la Ihefu, ndipo madzi otuluka m'dambomo ndiwo mtsinje wa Great Ruaha, umene umadutsa m'nkhalango ya nyama ya Ruaha n'kukadzaza madamu a magetsi a Mtera ndi Kidatu.

Mu 1993 mtsinjewu unaleka kuyenda m'chilimwe, ndipo kuyambira pamenepo kuphwa kwake kunakhala kwa chaka ndi chaka. Mvuu zinaunjikana m'matope, madamu anatsika, magetsi anayamba kuthima m'mizinda. Anthu anafuna wolakwa, ndipo sanavutike kumpeza. Ena anati mvula yachepa. Ambiri anati ndi ng'ombe za Asukuma, Amasai ndi oweta ena amene anasamukira m'chigwamo ndi ziweto zawo, poti ng'ombezo zinkaoneka ndi maso zili mbuu m'dambo.

Mu 1998 kunayamba kafukufuku wa zaka zingapo, wolipiridwa ndi boma la Britain, amene anayeza mvula, mitsinje, ngalande ndi ziweto. Anapeza kuti mvula sinachepe mokwanira kuphwetsa mtsinje waukulu chotere, ndi kuti madzi omwa ng'ombe anali ochepa poyerekeza ndi opatutsidwa. Vuto lalikulu linali ngalande za mpunga. Minda yothirira inali itakula kuwirikiza pafupifupi kanayi m'zaka makumi atatu, ya boma ndi ya alimi ang'onoang'ono yomwe, ndipo ngalande zambiri zinkasiyidwa zotsegula ngakhale m'chilimwe, madzi akungomwazika m'minda yopanda mbewu. Mu 2001 nduna yaikulu ya dzikolo, a Frederick Sumaye, analonjeza kuti pofika 2010 mtsinjewo udzakhala ukuyenda chaka chonse.

Kenaka kunabwera chilala. Mu 2006 damu la Mtera linatsika kwambiri, magetsi anavuta m'dziko lonse, ndipo boma linalamula kuti oweta achotsedwe ku Ihefu. Mabanja anasamutsidwa ndi ziweto zawo kupita kutali, ena mpaka ku Lindi cha kunyanja, ndipo ng'ombe zambiri zinafera m'njira. Mu 2008 malowo anaphatikizidwa ku nkhalango ya Ruaha. Sitikunena kuti ng'ombe zilibe mlandu uliwonse. Ziweto zochuluka zimapondereza dambo ndi kugumula magombe, ndipo tonse taziona. Koma 2010 inafika n'kudutsa, ng'ombe zitachoka, ndipo Great Ruaha anapitirizabe kuphwa m'chilimwe. Umboni unalipo, wolembedwa ndi woyezedwa, koma chilala chitafika pakhosi anthu anagwira amene anali wosavuta kugwira. Zimene zinachitika pabwalo la kwa mayi aja ndi zomwezi, kungoti zazing'ono.

Kwathu kuno mtsinje wa Kafue uli ndi omwera ambiri chimodzimodzi: makina a magetsi a ku Itezhi-Tezhi ndi Kafue Gorge, minda ya nzimbe ya ku Mazabuka, mipopi ya mzinda wa Lusaka, asodzi, ndi Aila ndi Atonga amene ng'ombe zawo zimadalira msipu womera madzi osefukira akabwerera. Chaka cha mvula yabwino onsewa amakwanira. Chaka chouma, lita iliyonse yosungidwa m'damu ndi lita imene sinafike pa msipu.

Kumene kuli muyeso

Kariba akutiphunzitsa mbali ina. Nyanja imeneyi ndi ya mayiko awiri, ndipo kuyambira 1987 madzi ake amayang'aniridwa ndi bungwe la Zambezi River Authority, limene limayeza madzi olowa ndi kugawira mbali iliyonse gawo lake chaka chisanayambe. Mu Novembala 2022, kampani ya magetsi ya ku Zimbabwe itatha gawo lake, bungweli linailembera kalata kuti iimitse makina. Mu 2024 mayiko awiriwa anapatsidwa makiyubiki mita 16 biliyoni okha, theka uku theka uko. Ululu wake tinaumva tonse, magetsi akuthima mpaka maola 21 pa tsiku, zigayo zitaima, mipopi yodalira magetsi itauma, ndipo mitengo yambiri inagwa chifukwa m'mizinda aliyense anabwerera ku makala. Koma onani kuti pa madzi ochepa chotere mkangano unathera m'makalata ndi m'misonkhano. Muyeso unalipo, ndipo gawo linagwirizanidwa ludzu lisanafike. (Tisaiwale pakutero kuti pomanga damulo anthu pafupifupi 57,000 a mtundu wa Atonga anachotsedwa m'chigwa cha Zambezi osafunsidwa. Pangano la akuluakulu likhoza kukhala lolongosoka, koma wamng'ono ali kunja kwa mpanda.)

Lamulo la dziko lino silinasiye nkhaniyi m'malere. Lamulo la kasamalidwe ka madzi la 2011, limene linakhazikitsa bungwe la WARMA, limati madzi a mumtsinje si a munthu mmodzi, ngakhale mtsinjewo utadutsa pakati pa munda wake. Madzi a pakhomo safuna chilolezo ndipo ndiwo oyamba kuganiziridwa. Wopatutsa kapena kutseka madzi chifukwa cha malonda ayenera kukhala ndi chilolezo. Kuyambira 2018 mijigo nayonso iyenera kulembetsedwa. Lamuloli limalolanso ogwiritsa ntchito mtsinje umodzi kupanga bungwe lawo. Koma tinene zoona: ofesi ili kutali, ndipo repu wosathiriridwa masiku atatu mu Okutobala sadikira kalata. Pa timitsinje ting'onoting'ono, pangano limene limagwira ntchito ndi lopangidwa pansi pa mtengo, anyakwawa ali pomwepo.

Ophunzira Baibulo akukumbukira kuti m'buku la Genesis, mutu 26, abusa a ku Gerari anakangana ndi abusa a Isake chifukwa cha zitsime, ndipo nkhaniyo inayamba ndi njala. Isake anasiya chitsime choyamba, nasiya chachiwiri, nakakumba chachitatu pamalo opanda mkangano. Timakonda kuyamikira kufatsa kwake, ndipo n'koyenera. Koma iye anali ndi kosunthira. Mayi wamasiye wa kumunsi kwa mtsinje alibe. Dambo ladzaza, ndipo malire a dimba lake ndi mpanda wa mnzake. Kwa ife gawo lothandiza la nkhaniyo ndi la kumapeto, pamene Isake ndi Abimeleki anakhala pansi, nadya pamodzi, nachita pangano.

Ndowa ndi wotchi

Tinapita kumudzi kwa mayi aja, awiri a ife pamodzi ndi alangizi a zaulimi a m'deralo, titapempha anyakwawa kuti aitane onse, eni ng'ombe a midzi iwiri ija ndi eni mapampu omwe. Sitinapite ndi ulaliki. Tinatenga ndowa, wotchi ndi chidutswa cha lata. Kumtunda kwa matumba a mchenga tinakonza pamalo popapatiza kuti madzi onse adutse palata n'kugwera m'ndowa, mnyamata wina akuwerenga masekondi mofuula. Kenaka tinapempha mmodzi wa eni mapampu kuti alize injini yake n'kudzaza dilamu. Linadzaza mphindi imodzi isanathe. Panali chete. Gogo wina wa ng'ombe anaimirira nati, "Mfumu, ndiye mbuzi yanga ija ndinalipira chiyani?"

Apa tiyenera kuvomera mbali yathu. Eni mapampu aja sanali anthu oipa mtima. Mmodzi wa iwo anagula pampu yake pa ngongole chimanga chake chitapsa, ali ndi ana kusukulu, ndipo anachita zimene ife alangizi takhala tikulalikira zaka zonsezi, kuti yankho la chilala ndi ulimi wothirira. Tinawauza za phindu la matimati a m'chilimwe, koma sitinawafunse kuti kumunsi kwanu kuli yani. Njira imene banja limodzi lapulumukira ku chilala ikhoza kukhala chilala chachiwiri kwa mabanja makumi awiri.

Zokambirana zinatha masiku awiri, ndipo sizinali zokoma. Pomaliza anagwirizana kuti matumba a mchenga atsegulidwe pakati kuti madzi asaleke kuyenda, ndi kuti mapampu azilira mosinthana, maola owerengeka m'mamawa, osati onse tsiku limodzi. Eni mapampu anavomera monyinyirika kuchepetsa malo othirira ndi kuphimbira mabedi ndi udzu. Ng'ombe anazitsegulira njira yakeyake yotchingidwa ndi minga, yopita ku dziwe la kumunsi kwa chitsime chomwa anthu. Anazika mtengo pakati pa madzi, naulemba mizere iwiri ya penti: madzi akatsika kufika pa mzere wachiwiri, mapampu onse aime, kutsale makheni ndi ziweto. Chokondweretsa n'chakuti nkhani ya masiku opembedza, imene tinkaopa kuti ivuta, ndiyo inakhala yosavuta kuposa zonse. Osunga Sabata anapereka Loweruka kwa anzawo opemphera Lamulungu, iwo natenga Lamulungu, ndipo mtsinje unapeza masiku awiri a omwera ochepa.

Sizinathe bwino zonse. Mmodzi wa atatu aja anapitiriza kuliza pampu usiku, ndipo nkhani yake inakafika kwa mfumu yaikulu. Kwa mayi aja pangano linabwera mochedwa; matimati awo anali atafota kale, ndipo ndalama ya mbewu ndi fetereza wa dzinja inapita nawo. Paja mvula ikakuona litsiro sikata. Pangano lomwelo likanapangidwa mu Meyi kapena Juni, madzi akadali ambiri ndipo mitima ili pansi, likanatha m'maola awiri, ndipo munthu sakanagula mbewu ya lima yathunthu pa madzi okwanira theka. Mu Okutobala aliyense amakhala atathira kale ndalama zake m'dothi, ndipo kumuuza kuti achepetse kuli ngati kumulanda nsima pakamwa.

Dzinja lotsatira mvula inagwa bwino. Madzi osefukira anakokolola mtengo wa mizere ija, ndipo palibe amene anauzikanso, pakuti nkhokwe zitadzaza anthu anaona ngati vuto lapita. Mapampu m'mudzimo tsopano achuluka, ena a sola, amene salira n'komwe ndipo safuna petulo woti athe. Mayi aja atumiza uthenga kuti tikabwerenso ndi ndowa ija chilimwe chisanakhwime, ndipo tavomera.

Kuyambira chaka chino, phunziro la ulimi wothirira pano liziyamba ndi tsiku limodzi la kumtsinje, tisanakhudze pampu kapena paipi. Wophunzira aliyense adzayeza madzi ndi ndowa, adzawerengera malita a dimba limene akufuna kulima, ndipo adzalemba mayina a midzi ndi makola amene amamwa kumunsi kwake. Inu amene munamaliza kale, ngati kwanu kuli mtsinje kapena dambo logawana, yezani madzi ake kamodzi mu Juni ndi kamodzi mu Sepitembala, mulembe m'kope, ndipo mubwere nalo pa tsiku la ophunzira akale.